Nsalu yopitirira mkono

Kusoka ndinaphunzira ndili kale ndi mwana mmodzi, pakhonde la golosale ina ku Area 23, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Amene anandiphunzitsa anali atelala achikulire ochokera ku Chiradzulu, bambo osalankhula zambiri, okonda kudula ulusi ndi mano ngakhale sizasi ili pambali pawo pomwepo. Ine kufunsa ndiye matenda anga chibadwire, ndipo bambowo ndinawatopetsa nawo mafunso.

Pansi pa makina awo pankakhala thumba la feteleza lodzaza ndi tizidutswa ta nsalu. Tsiku lina ndinawafunsa kuti tizidutswato ndi ta ndani.

"Ndi tanga," anatero, mwendo uli pa makina.

"Koma nsaluzo anagula ndi eni ake, abambo."

Anaimitsa makina n'kundionetsa dzanja lawo, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala chapakati.

"Mwauona mkonowu, mayi? Chotsala chikachepera apa ndi cha telala. Chikapitirira, mumapinda bwinobwino n'kubwezera mwini wake. Telala aliyense amadziwa zimenezi."

Lamuloli linandikoma chifukwa linali loyezeka. Zambiri zimene tinkaphunzira kutchalitchi za chilungamo zinalibe tepi, koma ili unkangotambasula dzanja n'kudziwa pamene uli. Komabe mutu wanga sunakhazikike. Bambowo anali atali, ine ndine wamfupi ngati mtondo. Ndiye kuti nsalu imene kwa iwo ndi yololedwa, kwa ine ndi kuba? Nanga eni nsaluwo lamuloli ankalidziwa? Nditafunsa, anandiyankha kuti mwini nsalu akafunsa zotsala mumam'patsa zonse, akapanda kufunsa ndiye kuti sakuzifuna. Ndinafuna kudziwa kuti munthu angafunse bwanji chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo, koma ndinatseka pakamwa. Kolala ndinali ndisanaidziwe kusoka, ndipo sindinafune kuthamangitsidwa pakhondepo.

Ndinene zoona, thumba lija linkathandiza anthu. Ana a sukulu obwera ndi makabudula obooka kumbuyo ankaikiridwa zigamba zaulere zochokera mmenemo. Tizidutswa tating'ono kwambiri azimayi ankatenga kukadzaza m'mapilo. Palibe amene ndinamumvapo akudandaula, moti nanenso nditagula makina anga n'kuyamba kusokera pakhonde la nyumba yathu, ndinaika thumba langa pansi.

Vuto linabwera ndi nsalu ya maluwa achikasu. Anabwera nayo ndi amayi ena a mumpingo mwathu, a ku Dowa koma okhalitsa m'tauni muno, amene ankagulitsa nyemba pamsika wa ku Kaliyeka. Mwana wawo wamkazi anali ndi chinkhoswe mwezi wotsatira. Iwo ndi achemwali awo awiri anagula nsalu yamtundu umodzi kwa mayi wina wopita ku Tanzania, n'kugawana, kuti patsikulo banja lidzaoneke lofanana. Gawo lawo anandipatsa lonse kuti ndisoke diresi lalitali ndi duku.

Nsalu imeneyo ndinaidula bwino, ndipo mpaka lero ndimanyadira. Ndinaiyala pamphasa, kuitembenuza uku ndi uku, manja a diresi n'kuwatulutsa pamalo pamene telala wina akanataya. Pomaliza panatsala chidutswa chabwinobwino. Ndinachiyeza pamkono wanga. Chinapitirira, ndipo sikuti pang'ono: panangotsala pang'ono kuti ikwane mikono iwiri.

Ndinakhala nacho pamiyendo nthawi yaitali ndikudzifunsa kuti kwenikweni ndi cha ndani. Amayiwo akanapita kwa telala wosasamala, sipakanatsala kanthu, ndipo akanapita kwawo akusangalala. Chidutswacho chinabadwa ndi luso langa. Nanga luso langalo si langa? Mbali ina ya mtima inkati maluwawo anagula ndi nyemba za eni ake, ndipo luso langa analilipira kale. Mbali ziwirizi zinakangana mpaka ndinapeza njira imene panthawiyo ndinaiona ngati yanzeru. Ndinaluma m'mphepete mwa nsaluyo, pakati penipeni, n'kuing'amba ndi manja. Ndinayeza chidutswa choyamba: chinachepera mkono. Chachiwiri chimodzimodzi. Lamulo silinaphwanyidwe.

Zidutswa ziwirizo ndinazilumikiza n'kusokera mwana wanga kasiketi ka lasitiki. Anali ndi zaka zinayi. Ndinamuyesa kamodzi m'nyumba, kanamukhala, kenako ndinakapinda n'kukaika pansi penipeni pa sutikesi.

Amuna anga anaziona zonsezi akudya chimanga chowotcha pakhomo.

"Amake mwana, ngati nsaluyo ndi yanu, bwanji mukuigoneka m'sutikesi?"

Ndinawayankha mokalipa kuti mwana sangavale nsalu ya banja la eni chinkhoswe chisanachitike, anthu angamuyese wachibale. Zimenezo zinali zoona ndithu. Iwo anangoseka, nati palibe amene waluza kanthu, diresi latuluka lokongola, ndisadzivutitse. Chodabwitsa n'chakuti mawu ondikhululukirawo ndi amene anandipsetsa mtima kwambiri, ndipo tsiku lonse sindinawayankhule bwino.

Chinkhoswe chinali Loweruka. Lachinayi masana amayi aja anatulukira ndi jumbo m'manja, nkhope itagwa. Magetsi anali atathima kwawo, ndiye anatenga simbi ya makala kuti asite diresi lija. Wina anawaitana panja, iwo n'kuisiya simbiyo pansalu. Pobwera anapeza yadinda chithunzi chake kutsogolo, ndipo poichotsa mwaphuma makala anagwa n'kuboola timabowo totsika mpaka m'maondo. Chigamba sichikanathandiza. Pankafunika kuchotsa mbali yonse yakutsogolo, kuyambira m'chiuno kutsika.

Anali atayenda kale kufunafuna nsalu yofanana nayo. Mayi wopita ku Tanzania uja nsaluyo inali itamuthera. M'masitolo a m'tauni munalibe. Achemwali awo anafunsa atelala awo, ndipo onse awiri anauzidwa kuti sipanatsale kanthu. Apo ndinangoyang'ana pansi.

"Atelala," anatero, "kwa inu kuno sikunatsale kanthu? Make mwana ndine, ndikhala kutsogolo. Ndivala chiyani?"

Ndinawerama n'kuyamba kufufuza m'thumba langa, ndikudziwa bwino lomwe kuti mulibe. Ndinatulutsa tizidutswa ta makolala a anthu, ta yunifolomu ya sukulu, ndikungotaya nthawi. Ndikanati palibe, akanandikhulupirira, chifukwa atelala awiri anali atanena kale zomwezo. Kasiketi kaja kakanakalambira m'sutikesi, mwana n'kukula osakavala. Manyazi anandigwira kawiri: a kunama, ndi a kunena zoona. Sindinganene kuti chilungamo ndicho chinandidzutsa. Mwina ndi mmene amayiwo anagwirira jumbo ija ndi manja awiri ngati muli mwana wodwala.

Ndinalowa m'nyumba n'kubwera nako kasiketiko.

Anakalandira n'kukatembenuza. Ine ndinatenga lezala n'kuyamba kumasula misoko. Nditachotsa lasitiki ndinayala zidutswa ziwirizo padiresi. M'lifupi zinakwana. M'litali, chilichonse pachokha chinali chachifupi. Pamodzi zinkafika bwinobwino, kusonyeza kuti chidutswa chija chikanakhala chathunthu chikanalowa ngati chinadulidwira pomwepo. Tsopano pankayenera kudutsa msoko wopingasa, pantchafu, kutsogolo kwenikweni.

Amayiwo anayendetsa chala m'mphepete mmene munali ulusi wothothoka.

"Apa sipanadutse sizasi," anatero.

"Ayi, amayi. Ndinang'amba ndi manja."

"Kuti zitani?"

Sanafunse mokalipa. Ankafunadi kudziwa, monga ine ndinkawafunsira aphunzitsi anga. Ndiye ndinawafotokozera za mkono, za chochepera ndi chopitirira. Lamulo limene pakhonde la golosale linkamveka lanzeru, m'kamwa mwanga tsiku limenelo linamveka ngati nkhani ya mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa. Iwo anatambasula mkono wawo, kuuyang'ana kuyambira pachigongono mpaka kuchala, n'kuubweza pamiyendo.

"Sokani," anatero. "Ndidzatenga mawa."

Ndinalumikiza duwa ndi duwa, tsamba ndi tsamba, n'kusita msokowo mpaka unagona. Kuchinkhoswe ndikukhulupirira kuti palibe anauona. Koma mwini wake ankadziwa pamene unali. Ndinakhala kumbuyo ndikuwayang'ana: atakhala, chikwama chinali pantchafu, ataimirira kukavina nthawi ya perekaniperekani, dzanja limodzi linkaponya ndalama m'lichero, linalo lili pamsoko paja. Achemwali awo ankavina ndi manja onse awiri.

Ndinkaganiza kuti sadzabweranso, ndipo sindikanawadandaula. Patapita miyezi itatu anatulukira ndi nsalu ina, yobiriwira, yoti ndisoke bulauzi. Ndinawayeza n'kulemba miyeso ndi choko pathabwa la makina. Atafika pachipata anatembenuka.

"Zotsala mutenge, atelala, mwana avale," anatero. "Koma musang'ambe."