Kukapepesa Maliro ku Mushili

Tinanyamuka ku Ndeke, komboni yathu ya ku Kitwe, hafu sikisi m'mawa, ine ndi Dalitso. Ndi mnyamata wa zaka fifitini, mmodzi wa achinyamata amene Loweruka lililonse ndimawaphunzitsa kutchalitchi kwathu kakhalidwe ndi anthu: kupereka moni, kudikira mnzako amalize kulankhula, kuugwira mtima. Dalitso akapsa mtima amaponya mipando. Mnzake yekhayo m'gululo, Chanda, anali atamwalira kwa amayi ake ku Mushili, mumzinda wa Ndola, ndipo Dalitso anaumirira kuti apita kumaliro.

M'tauni ya Kitwe tinakwera basi ya ku Ndola, fifite kwacha aliyense. Kondakitala anatipanikiza anayi pampando wa atatu, nkumati malo akadalipo ambiri. Tisanafike pamphambano ya ku Luanshya, bambo wina wonyamula thumba la tomato anamuponda Dalitso phazi. Ndinaona nsagwada za mnyamatayo zikulimba, chibakera chitakungidwa pabondo.

"Puma kaye," ndinamunong'oneza.

Anapuma. Kenaka anati, "Bambo, mwandiponda."

"Njeleleniko, mwana wandi," anapepesa bamboyo m'Chibemba, nachotsa phazi. Dalitso anandiyang'ana modabwa, ngati samayembekeza kuti nkhani ingathere pomwepo.

Tinatsika ku Ndola cha m'ma naini. Ndinagula chinangwa chowotcha ndi mtedza, koma iye sanadye. Mu minibasi ya ku Mushili ankangobwereza chamumtima mawu amene tinakonzekera: "Pepani amayi, Mulungu akutonthozeni."

Panyumba ya maliro abambo anali panja pansi pa tenti, amayi m'nyumba pamphasa akuimba. Ndinapempha kuti mnyamatayo alowe pang'ono. Anagwada pamaso pa amake a Chanda, mawu onse aja nkumuthawa. Nyimbo inatha. Ndinaopa kuti adzambatuka nkuthawira kunja.

"Anzanga onse amandiopa," anatero Dalitso pomaliza. "Chanda yekha ndiye ankandisungira malo pabenchi."

Mayiwo anamuyang'anitsitsa ndi maso otupa.

"Ndiwe Dalitso? Mwananga ankakutchula. Khala pano."

Anakhala pambali pawo mpaka bokosi litatuluka.

Pobwerera madzulo anagona tulo, mutu atatsamira zenera. Ine ndinkaganiza za Loweruka likubwerali, pamene adzalowe m'kalasi nkupeza benchi ija. Moni ndi kupepesa ndikhoza kuphunzitsa, koma sindidziwa kuti ndingaphunzitse bwanji mwana wina kuti amusungire malo.