Chitseko cha amalume a Jasten

Amalume anga a Jasten, achimwene awo a mayi, mukawaona kamodzi simungawaiwale. Aatali, mawu ngati wailesi, njinga yawo yonunkha nsomba kuyambira belu mpaka kaliyala. Amapikula nsomba zouma ku Malombe n'kumagulitsa m'misika, ndipo anayamba asanamere ndevu. Ine ndimawakonda zedi, chifukwa akamasimba ngakhale za tayala lophwa umaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma nkhani iyi yokha sasimba.

Anakwatira chikamwini kwa Kalembo, kwa azakhali a Joanna, aphunzitsi a pulayimale. Mu 1979 awiriwo anatenga ngongole ku ofesi ina ku Balaka, n'kumanga nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, pamalo a kwawo kwa azakhaliwo. Papepala panali mayina awiri, chikole nyumba yomweyo. Patatha zaka zinayi banja linatha. Chifukwa chake ife ana sanatiuze. Ankhoswe anakhala pansi kawiri, kachitatu anangoti basi.

Ndiye tamverani. Mkamwini akamachoka amanyamula khasu lake, mphasa ndi zovala. Amalume anazula chitseko. Cha mlombwa, cholemera, chogwirira chake chonyezimira, abale inu. Anafika nacho kwathu atachimanga panjinga, akuimba belu.

"Achemwali, landirani mphatso," anauza mayi. "Mayi a Lilian achita kundikakamiza kuti nditengeko kanthu." Ankanena azakhali amenewo.

Mayi anasangalala. Khomo lathu ndi lalifupi, ndiye bambo anatenga sowo n'kudula m'munsi zala zinayi. Kukoma kwake chitsekocho. Anthu ankabwera kudzangochisisita.

Kumene kuja azakhali ankabweza ngongoleyo okha, ndiye anapita ku Balaka kukapempha kuti dzina la amalume lichotsedwe, nyumba ikhale yawo ndi ana. Kalaliki, a Wadson, anati aione kaye nyumbayo. Kukafika, anapeza pakhomo palendewera mphasa.

Kalata inabwera kwathu, bambo anaiwerenga tonse tikumva. Dzina silichoka mpaka nyumba ikhale mmene inaliri. Chitseko chibwerere Loweruka, apo ayi atenga njinga ya amalume. Njinga imeneyo ndiye munda wawo, alibenso china.

Mayi anatembenukira kwa amalume.

"Achimwene, ndiye kuti miyezi isanu yonseyi ana anu akugona ndi mphasa pakhomo, ife tikutseka chitseko chawo?"

"Ndinagula ndine chitsekochi."

"Munati anakupatsani."

Amalume anangoyamba kukanda matope a pedulo ndi kamtengo.

Loweruka ndi tsiku lomwe msika umadzaza, ndipo msewu wa kwa Kalembo umadutsa pakati penipeni. Njira yakumunda chitseko sichikanadutsa, inali yothinana ndi nandolo. Mayi anawaperekeza, ndiye zotsalazi ndinamva kwa iwo.

Akuti polowa mumsika anawaimitsa a Yufi ofunsa makadi a chipani. Khadi linali m'thumba lakumbuyo, njinga ikupendama, chitseko chikufuna kugwa, anthu n'kuyamba kuunjikana. Anzawo ogulitsa nsomba, omwe amalume anawauza modzitama kuti mkazi wawo anamusiya akulira, anali pompo pamzere.

"A Jasten, lero chitseko mulu zingati?" anafunsa mmodzi.

"Musiyeni, akupita kukapepesa," anatero wina. "Ena amanyamula nkhuku, iye nyumba."

Amalume, munthu wosasowa choyankha uja, akuti anangoti "zikomo, zikomo" ngati akudutsa pamaliro.

Kwa Kalembo anapeza azakhali, amalume awo a azakhaliwo ndi a Wadson atakhala pamipando. Palibe anadzuka kuwathandiza. Amalume anamanga okha mahinjesi, thukuta kamukamu, kenako anatseka kuti aone. M'munsi mpata. Lilian, mwana wawo wamng'ono, anali m'nyumba, ndipo timapazi take tinkaoneka bwinobwino kunja.

"Chitsekochi chafupika bwanji?" anafunsa a Wadson.

Mayi akuti ankafuna nthaka iwameze. "Tinadula ndife, bambo. Sitinkadziwa."

A Wadson anayang'ana njinga, n'kutsegula cholembera. "Chikole chaonongeka. Ine ndilemba zimene ndaona."

"Lembani kuti chabwerera," anatero azakhali. "Pansipo ndiziika chiguduli. Mukatenga njingayo, sopo wa ana awa achokera kuti? Ine ndikufuna dzina lichoke, basi."

A Wadson anayang'ana amalume awo a azakhali, iwo n'kugwedeza mutu kuvomera. Pepala analiika pachishalo cha njinga, amalume n'kusaina osakweza maso. Atabweza cholembera anagwada pakhomo paja n'kuyeza mpatawo ndi zala.

"Mayi a Lilian, ndili ndi kathabwa kunyumba. Ndibwere Lolemba ndidzakhomerepo."

"Iyayi, bambo a Lilian. Mwasaina kale. Mukamabwera muzibwera kudzaona ana, za nyumba ino zisiyeni."

Pobwerera anadzera njira yakumunda, akukankha njinga, mayi pambuyo. Anafika kwathu dzuwa likadalipo, ndipo tsiku limenelo mayi sanalole aliyense wa ife kukatunga madzi kuchitsime, kuopa pakamwa pa anthu.