Malonje a Agogo Lufeyo

Ndikukumbukira bwino lomwe chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, pamene mayi anga anandilamula kuti masana aliwonse ndikaweruka kusukulu ndizipita kwa agogo Lufeyo. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa mlongo wanga Benedikito, amene panthawiyo anali asanasiye n'kuyamwa komwe, wakhala akuifotokoza molakwika pa maukwati ndi pa maliro. Iye amati ndinachiritsa nkhalamba ija ndi kulongolola kwanga, ndipo anthu amaseka chifukwa amandidziwa. Zimenezo si zoona. Popeza mwa ana asanu ndi mmodzi a mayi anga ndine ndekha amene ndinafika ku sekondale, ndaona kuti udindo wowongola mbiri ya banja lathu wagwera ine.

Agogo Lufeyo sanali agogo anga ondibereka. Anali mwamuna wa mng'ono wawo wa agogo anga aakazi, mkamwini wochokera kuseri kwa Golomoti amene anadzakwatira m'mudzi mwathu, pafupi ndi Mua, mayi anga asanabadwe. Unyamata wawo wonse anagwira ntchito ya njanji, kuyenda wapansi ndi chisipanala paphewa akumanga mabawuti, ndipo atapuma pantchito ankasoka mphasa. Iwo ndi akazi awo, agogo Nangondo, anabereka ana awiri, koma onse anamwalira ali makanda. Kotero agogo Nangondo atatisiya nthawi yokolola, bambowo anatsala okha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi.

Mwambo wathu ndi wodziwika. Mkamwini mkazi wake akamwalira, pakapita miyezi amasudzulidwa kuti abwerere kwawo, ngakhale abale a mkazi amatha kumusunga ngati ali ndi ana kapena ngati amakhala bwino ndi anthu. Agogo Lufeyo ana analibe, ndipo kuyambira tsiku lometa analeka kulankhula, kupatula "zikomo" ndi "ndili bwino". Singano yawo ya mphasa inachita dzimbiri patsindwi. Chakudya chinkabwerera atangonyomolako pang'ono. Amayi a mphakati ankabwera Lachinayi lililonse, khumi kapena kupitirira, kuimba, kupemphera, kuwauza kuti alimbe mtima, n'kunyamuka onse pamodzi ngati njiwa. Bambowo ankawathokoza, n'kubwerera pakhonde kukayang'ana mapiri.

Tsiku lina ndinamva atsibweni anga a Damiyano, amene anali mwinimbumba wathu, akuuza mayi kuti, "Munthuyu mtima wake unapita kale kwawo. Tikumusungiranji ngati katundu? Mvula isanagwe timusudzule, akalime kumeneko."

"Kwawo mukunenako kuli ndani, achimwene?" anafunsa mayi. "Owadziwa onse anatha. Akafika ngati mlendo wotsika sitima yolakwika."

"Ngati akufuna kutsala anene okha. Pakamwa ali napo."

Sabata yomweyo aphunzitsi anatumiza uthenga kunyumba woti ndimasokoneza kalasi ndi macheza. Mayi sanandimenye. Anangoti, "Popeza pakamwa pakopo sipatopa, kapatopetse kwa agogo ako. Mwina angayankheko." Apa ndivomereze kuti nkhani ya Benedikito ili ndi muzu wake: mayi nawonso ankaganiza kuti mankhwala a munthu wachete ndi phokoso.

Tsiku loyamba ndinafika chothamanga, mbale ya mbatata kumanja, ndipo ndinayamba kulankhula ndisanafike n'pakhonde pomwe. Ndinafotokoza za mbuzi imene inalowa m'kalasi, za aphunzitsi a masamu, za mnzanga Agatha. Agogo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anakweza dzanja.

"Nabanda, ulendo wotere unauphunzira kuti? Mlendo amayamba wakhala pansi. Thukuta liume, mtima ufike. Malonje pambuyo."

Amenewo anali mawu awo aatali oyamba chichokereni maliro, ndipo anawatulutsa osati chifukwa ndinawasangalatsa, koma chifukwa ndinawachititsa manyazi ndi kusadziwa mwambo kwanga. Anandilozera mphasa yakale, nandipatsa madzi a mumtsuko m'chikho.

Kwa achinyamata a masiku ano, amene amapatsana moni ali panjinga, ndifotokoze malonje. Mlendo akafika ankapatsidwa pokhala, ndipo panalibe womufunsa kanthu kufikira atapumula. Kenaka ankasimba ulendo wake wonse, kuyambira mmene anadzukira kwawo kufikira pamene wakhalapo, wopanda womudula mawu. Akamaliza, mwininyumba ankabwereza mwachidule zimene wamva, kusonyeza kuti palibe chimene chagwa pansi, ndipo pambuyo pake ankasimba zake, mlendo n'kubwereza chimodzimodzi. Ena amati malonje ndi moni chabe wautali. Amenewo sanawaonepo.

Vuto linali lakuti unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalapo kuchigwa kuno akudziwa kuti mwezi umenewo thukuta siliuma msanga. Tinkakhala chete, iwo pampando wawo wa ndalema, ine pamphasa, nyenje zikulira m'mitengo ya mango ngati zikuboola makutu. Masiku oyamba ndinavutika kwambiri. Ndinkawerenga nyerere, kusenda nkhanambo ya pabondo, kutsokomola dala. Agogo osasuntha. Koma patapita sabata ndinayamba kumva zinthu zimene ndinali ndisanazimvepo: mpweya wanga ukulowa ndi kutuluka, kamluzu kakang'ono m'chifuwa mwa agogo, fungo la bango louma ndi fodya wopota, kamphepo kotsika kumapiri kakufika pakhosi panga. Zokwiyitsa za kusukulu zinkadikha pang'onopang'ono, monga amachitira matope m'madzi otunga kudambo.

Akaona kuti ndakhazikika ankaomba m'manja kawiri motsitsa, n'kunena kuti, "Tiyeni nawo, alendo athu." Ine n'kuyamba. Ndikamaliza ankabwereza mwaulemu ngati akulankhula ndi munthu wamkulu: "Tamva. Mwadzuka bwino, mwasesa pabwalo, mwapita kusukulu, masamu akukanani, a Agatha akulandani malo pamzere, ndipo mpaka pano mtima ukukupwetekani."

Sindingathe kufotokoza bwino mmene zimenezi zinandikhudzira. M'nyumba ya ana ambiri palibe amene ankamva chiganizo changa mpaka kumapeto, ndipo ndikuganiza tsopano kuti n'chifukwa chake ndinkalankhula kwambiri, ngati munthu woponya miyala yambiri mumtengo kuti mwina umodzi ugwetse chipatso. Apa panali munthu wamkulu wotola mawu anga onse n'kundibwezera ali oyalidwa bwino. Kusukulu aphunzitsi anayamba kufunsa ngati ndikudwala.

Ikafika nthawi yawo yosimba, agogo ankangoti, "Kuno kulibe kanthu. Kwacha, kwatentha, ndi pano." Ndipo apa ndi pamene ndinkalakwitsa. Ndinkabwereza mothamanga kuti, "Tamva, kulibe kanthu," n'kulumphira pa nkhani ina yanga imene ndinaiiwala. Ndinachita zimenezi masabata atatu. Madzulo aliwonse mayi ankafunsa ngati agogo anenapo za kutsala, ine n'kupukusa mutu. Mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri, anthu anali kumaliza kuunga mizere, ndipo atsibweni anatchula tsiku lowasudzula: Loweruka.

Lachitatu la sabata imeneyo, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza atsibweni panjira akupangana ndi mwini ngolo wa m'mudzi mwathu kuti Loweruka adzanyamule katundu wa agogo. Mayi anali atandichenjeza kuti nkhani za akulu si zanga. Koma agogo anali atandiphunzitsa kuti m'malonje subisa chimene wakumana nacho panjira, ndipo nthawi yonse imene tinakhala chete tsiku limenelo malamulo awiriwa ankakokana m'mutu mwanga. Ataomba m'manja ndinasimba zonse mwadongosolo, ndipo nditafika pa ngolo sindinalumphe.

Anabwereza monga mwa masiku onse. "Tamva. Panjira mwapeza a Damiyano akupangana ngolo ya Loweruka, yodzanyamula katundu wathu." Kenaka anati, "Kuno kulibe kanthu."

Sindidzinamiza kuti ndinachita mwanzeru. Ndinali ndi mantha ndi zimene ndinaulula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalibe nkhani ina yolumphirapo. Ndinangokhala, maso pa zala zanga za kumapazi, osabwereza, osawonjezera. Nyenje zinalira, zinaleka, zinayambanso. Nkhuku inadutsa ndi anapiye ake. Ndinamva belu la ku mishoni likulira patali, ndipo litaleka agogo anakonza kukhosi.

"Kalipo," anatero.

Analankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana kumapiri. Anati m'mawa uliwonse amatsuka makapu awiri, ndipo amazindikira atatsuka kale. Anati chimene chikuwasowetsa tulo si maloto ayi, koma kusowa kwa mkonono wa agogo Nangondo, umene anaudandaula zaka zonse za ukwati wawo. Anatchula maina a ana awo awiri, amene ine ndinali ndisanawamvepo, nati tsopano onse atatu ali kumanda a mudzi uno, ndipo akapita ku Golomoti adzakhala atawataya kachiwiri.

Ndinaiwala mwambo n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji osawauza atsibweni, agogo?"

"Mkamwini sapempha malo, Nabanda. Amadikira kuuzidwa. Ndadikira miyezi isanu."

Umo ndi mmene zinalili. Atsibweni ankadikira kuti agogo apemphe, poopa kukakamiza munthu wamkulu kukhala pamudzi pa eni. Agogo ankadikira kuti atsibweni awauze, poopa kudziika pamalo posakhala pawo. Ulemu wa mbali ziwiri unatsala pang'ono kukweza munthu pangolo.

Ndinachita chimene anandiphunzitsa. Ndinabwereza malonje awo onse, makapu, mkonono, maina a ana, miyezi isanu. Atamva mawu awo akutuluka pakamwa pa mwana, anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope kwa kanthawi. Kenaka anasenda mbatata imene ndinabweretsa, nadya yonse.

Benedikito amati Loweruka ndinaimirira pamaso pa akuluakulu n'kuwadzudzula. Mwana wa mayi anga sakanachita zimenezo. Ndinangosimbira mayi zimene ndinamva, ndipo iwo ndi amene anauza atsibweni kuti, "Achimwene, mukapite ngati mlendo, osati ngati woweruza. Mukakhale pansi, ndipo akati kulibe kanthu musakayankhe."

Atsibweni anali munthu wa phuma, wodya ataimirira. Anafika Loweruka m'mawa ndi mayi, ine ndili pambuyo, ndipo agogo anatiyalira mphasa tonse atatu. Kukhala chete kuja kunawazunza atsibweni kuposa mmene kunandizunzira ine. Anasuntha miyendo, anayang'ana dzuwa, anapukuta khosi ndi mpango. Atapereka malonje awo, agogo anabwereza mosaphonya liwu. Kenaka anati kuno kulibe kanthu. Atsibweni anatsegula pakamwa, mayi anawaponda chala, ndipo anatsekanso. Tinadikira. Agogo anasimba zonse zimene anandisimbira, nawonjezapo zina zimene sindizilemba pano.

Atsibweni anayesa kubwereza, koma anafika pa maina a ana n'kulephera kupitiriza. Anangoti, "Bambo, ine ndimayesa mwatopa nafe."

"Inenso ndimayesa mwatopa nane."

"Mudzi uno munaupeza ine ndisanabadwe. Ndingakuchotseni ndine yani?" Anakhala kanthawi akukanda m'mutu, poti ngolo inali itafika kale pamsewu, ng'ombe zikupukusa michira. Kenaka anati, "Ngoloyo isabwerere chabe. Ipite kudambo ikatute bango. Mphasa za m'mudzi muno zatha, tikugona pansi ngati mbuzi."

Agogo Lufeyo anakhala nafe zaka zina zambiri, akusoka mphasa ndi kukangana ndi atsibweni za mpira wa pa wailesi. Ine ndinapitiriza kupita kwa iwo masana kufikira pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo malo anga anatenga mayi. Anamwalira ali okhuta masiku, ndipo anagona pambali pa akazi awo.

Lero ndine wamasiye, ndikukhala ku Mtakataka, ana ali m'tauni ndipo amaimba foni Lamulungu. Posachedwapa namwino wina wachitsikana anabwera ku mphakati wathu kudzatiphunzitsa ife okalamba njira yochepetsera kusungulumwa: kukhala awiriawiri, kutsinzina, kumvetsera mpweya wathu kwa mphindi zingapo, kenaka kulankhula mosinthana. Anati ndi nzeru yatsopano. Ndinamulola kuti amalize, pakuti ndi mwana waulemu, ndipo pambuyo pake ndinamuuza kuti wasiya mbali ziwiri, kubwereza zimene mnzako wanena ndi kudikira akamaoneka ngati watha. Analemba m'kope mwake. Potigawa awiriawiri, namwinoyo anandiika pamodzi ndi a Nachisale, oyandikana nawo nyumba, amene ndakhala ndikupatsana nawo moni zaka zambiri osadziwa kuti amaopa kudwala ali okha. Timakumana Lachiwiri ndi Lachisanu pansi pa bwemba, ndipo tonse awiri tikudya bwino.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu amatha kusungulumwa pakati pa anthu omukonda, omuimbira nyimbo ndi kumuphikira, ngati pakati pawo palibe mmodzi wokhala naye pansi popanda kufulumira. Munthu wotere ukamufunsa, yankho lake loyamba limakhala la ulemu, lotsekera mlendo njira kuti asavutike. Yankho lenileni limabwera pambuyo, ndipo limabwera kwa yekhayo amene sananyamuke.