Mdima wa Pansi pa Masitepe

Kamaso anakulira pansi pa masitepe. Si kuti kwawo kunalibe nyumba, ayi, nyumba inalipo ndithu, yosesedwa bwino. Koma mayi ake atamwalira iye akadali wamng'ono, akaweruka kusukulu ankangopita kumene bambo ake ankasokera nsapato, pakakona ka pansi pa masitepe a nyumba yosanja ya masitolo. Munthu wamtali ankalowamo chowerama. Munali benchi, chitsulo chokhomerapo nsapato, zitini za guluu, ndi bokosi limene mwanayo ankalemberapo za kusukulu. Pamwamba pa mitu yawo anthu ankakwera ndi kutsika tsiku lonse, fumbi n'kumagwera pakope.

Dzina la Kamaso anamupatsa ndi bambo akewo, chifukwa singano ikagwera kuseri kwa benchi iye ndiye ankaipeza. Bambowo anthu onse a m'masitolo ankangowatchula kuti Amisiri.

Atakula n'kuyamba kujambula zithunzi, achibale ena anati mwana wamkazi wotani woyenda ndi chikwama cha makamera m'maukwati a eni. Lero omwewo ndi amene amamuimbira foni ana awo akamakwatiwa, ndipo pojambulitsa amakankhana kuti aime kutsogolo. Mwanayu sanawayankhe n'kamodzi komwe. A m'banja limenelo sayankha ndi pakamwa. Wajambula akwati, makanda, omaliza maphunziro, ngakhale galu wa mayi wina wolemera. Koma chithunzi cha bambo ake ali pantchito analibe.

Zimenezi zinkamudya mumtima chifukwa cha mayi ake. Chithunzi chawo chinatsala chimodzi chokha, chakuda bii, nkhope atatembenuzira kumbali. Kamaso anachiyang'ana zaka zonsezi mpaka sankadziwanso ngati nkhope imene amakumbukira ndi ya mayi ake kapena anangoipeka yekha.

Anayesa kangapo kuwajambula Amisiri. Fulashi, kuwala kothwanima kwa kamera kuja, bambowo anaikana kalekale. "Ukufuna ndidzibaye ndi singano?" Ndipo kamera yake yakale inali ndi kagalasi mkati, kamene kamadumpha ukadina batani n'kulira kuti khwa. Akangomva kulirako, Amisiri ankaika nsapato pansi, kuwongola msana, manja pamaondo, nkhope gwa ngati munthu wodikira chigamulo kukhoti.

"Bambo, pitirizani kusoka."

"Ndine mkwatibwi ine? Kajambule a madiresi oyera uko."

Kenaka mwini nyumba yosanja ija ananena kuti mwezi ukatha, pansi pa masitepe aikapo chitseko, pakhale posungira jenereta. Kamaso anayamba kufunsafunsa malo ena, koma bambo ake anamuletsa. Anati atopa, akapuma kunyumba. Munthu amene ngakhale akudwala malungo ankabwera kudzakhoma zidendene, lero akuti watopa. Mwanayo sanamvetse, koma chimodzi anachidziwa: mwezi ukatha, sadzawaonanso atawerama pabenchi paja.

Anapita kusitolo ya makamera, kwa bambo wina wa dazi amene ojambula onse amamutcha Alenzi. Kamera yake inali itatopa kale, ndipo anali akuganiza zogula ya makono, ya mtundu wopanda kagalasi mkati. Alenzi anaika ziwiri patebulo, zochokera ku makampani awiri olimbana, ina yakuda, ina yotuwa.

"Zonsezi ukafuna zimajambula mwakachetechete, osamveka ngakhale kuti tswii. Padzuwa n'zofanana, usadzivute. Zimasiyana mumdima."

"Mdimawo ndi umene ndabwerera," anatero Kamaso. "Tiyeni kuseri, ndikuyesereni pankhope yanuyo."

Analowa m'chipinda chosungiramo makatoni, mmene kuwala kunkalowera pakazenera kamodzi kafumbi. Anawajambula Alenzi ndi zonse ziwiri, n'kukulitsa zithunzizo pakompyuta. Yakuda inagwira nkhope msanga, chithunzi chowala, choyera, chopanda kadontho. Koma khungu linasalala ngati la zidole zovekedwa masuti m'mawindo. Yotuwa inavutika kupeza nkhope, lenzi ikupita kutsogolo ndi kubwerera ngati munthu wofunafuna makiyi, ndipo chithunzi chinadzaza timadontho ngati wawazapo mchenga. Koma ndevu iliyonse inalipo, imvi iliyonse, ndi kachipsera ka pachibwano.

"Gula yakudayi, mwana wanga," anatero Alenzi akudzisisita tsaya. "Yandibwezera unyamata. Nditumizire chithunzichi mkazi wanga akumbuke chimene anandikondera."

"Akakufunsani kuti mnyamatayu mwamubisa kuti?"

"Iwe ulibe ulemu. Tenga zonse ziwiri, ukaziyese kumene ukufunako. Ukagwetsa imodzi usadzabwerenso kuno, ungosamuka."

Masana a tsiku lotsatira Kamaso anakhala pabokosi lake lakale, makamera ali pamiyendo. Anauza bambo ake kuti akungophunzira mabatani. Pamwamba pa benchi pankayaka getsi la chubu, lija lalitali loyera, limene Amisiri anaika zaka zapitazo. Iwo anali akusoka nsapato ya sukulu imene inayasama kutsogolo.

"Mwini wake amamenya miyala ameneyu, osati mpira," anatero Amisiri. "Mayi ake akuti nsapato zamasiku ano n'zosalimba. Ndati eya mayi, n'zosalimba. Ndikanati chiyani?"

Kamaso ankaseka, chala chili pabatani. Kamera sinalire. Bambo ake anakoka ulusi paphula, kuuluma ndi mano, kupukuta guluu pathalauza, osawongola msana n'kamodzi komwe. Anajambula ndi yakuda, kenaka yotuwa, kenaka yakudanso. Mtima unkagunda ngati wakuba. Pakasikirini kakang'ono ka kumbuyo ankangoponyapo diso mwachangu kuopa kugwidwa, n'kuona kuti munthu alipo, benchi ilipo, basi.

Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato. Anatsegula laputopu, nalowetsa kakhadi kosunga zithunzi.

Mizere. Chithunzi chilichonse chinali ndi mizere yopingasa kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati bambo ake akhala kuseri kwa mpanda. Pa yakuda inali yokhuthala, yakuda, ina itadutsa pamaso penipeni. Pa yotuwa inali yopyapyala, yobiriwira, koma inalipo. Kamaso anagwira mutu. Zimenezi ankazidziwa. Getsi la chubu limaphethira mofulumira kwambiri moti diso la munthu siliona, ndipo kamera ikamajambula mwakachetechete imawerenga chithunzi mzere ndi mzere kutsika pansi, n'kugwira kuphethira konseko. M'maholo a ukwati sakanalakwitsa chotere. Koma kusitolo anayesera kuwala kwa pazenera, ndipo pansi pa masitepe chimwemwe chinamuiwalitsa ntchito.

Anaziyang'anabe chimodzichimodzi, mwina n'kupezapo chopulumuka. Panalibe. Chimene anaona pakati pa mizereyo n'chakuti m'zithunzi zambiri bambo ake sankayang'ana nsapato. Singano ikulowa m'chikopa, maso awo ali kukhoma.

Njira zinatsala ziwiri: kuilola kamera ilire, poti ikamalira mizere siibwera, kapena kuzimitsa chubu. Zonse ziwiri zinkafuna kuti awapemphe.

Anazengereza mpaka tsiku lomaliza. Atafika madzulo dzuwa lisanalowe, anapeza zitini zili kale m'katoni, mashelefu ali mbee. Panatsala nsapato imodzi yachikazi, ya chidendene chachitali, imene mwini wake ankabwera kudzatenga asanatseke.

"Bambo, ndinakujambulani tsiku lija."

"Ndikudziwa."

"Munadziwa bwanji? Sizilira zimenezi."

"Kamera siilira, koma iwe ukamajambula umasiya kupuma. Ndinkangomva mwana wanga wafa, wauka, wafa, wauka. Ndinati msiyeni, atopa yekha. Zinatuluka bwino?"

"Zinaonongeka zonse. Getsi lanuli limalemba mizere pankhope."

"Ndiye ukuti nditani, ndilikalipire?"

"Ndimati ndiilole kamera izilira, inu muzingosoka osaumitsa thupi. Kamodzi kokha, bambo. Mawa kuno kulowa jenereta."

Amisiri anayendetsa chala m'mbali mwa nsapato ija.

"Zimitsa getsilo."

"Muona bwanji posoka?"

"Zimitsa, Kamaso. Getsilo ndi la makasitomala. Munthu sangasiye nsapato yake kwa mmisiri wokhala mumdima."

Mwanayo anaima dzanja lili paswitchi, osadina.

"Pakati pa maso angawa panabwera chifunga," anapitiriza bambo ake ngati akunena za mvula. "Chinayamba pang'onopang'ono. M'mbali ndimaonako, ndimadziwa kuti pakhomo paima munthu. Koma chimene ndayang'ana ndicho chimasowa. Pano ndimadziwa benchi ili apa, nyundo apa, ulusi apa. Malo atsopano ndikanakayambira pati?"

"Osandiuza ine? Kuchipatala?"

"Agogo ako anandikokerako ngati mwana wothawa jakisoni. Adokotala anayesa zoyesa zawo, akuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Ndinawapempha agogo akowo kuti asakuuze. Ukanasiya maukwati ako n'kudzakhala pabokosipo kumanditolera singano."

"Ndikanabwera, inde."

"N'chifukwa chake."

Kamaso anadina switchi. Mdima unagwa, kenaka pang'onopang'ono maso anazolowera. Kuwala kochepa kwa dzuwa lopendeka kunkalowa pakhomo lalikulu la nyumbayo, kugunda simenti, n'kukwera kufika pamanja a bambo ake ndi mbali imodzi ya nkhope. Kwinako kunali bii. Amisiri anatenga nsapato, napeza bowo ndi chala, nalowetsa singano.

Anayamba ndi yakuda. Nthawi ino anakulitsa chithunzi pomwepo, osathamanga. Mizere panalibe. Chinali chowala ngati masana, choyera. Koma manja amene anali pamenepo sanali a bambo ake. Ming'alu ya m'zala inafufutika, guluu wouma pachala chachikulu anasanduka kamthunzi, ulusi unasowa pakati ngati wasungunuka. Kamerayo inaona zonsezo ngati litsiro n'kuzitsuka.

Anatenga yotuwa. Lenzi inayamba kusakasaka, kupita ndi kubwerera, osagwira kanthu. Kamaso anazimitsa kusakako, nayamba kupotoza lenzi ndi dzanja lake, pang'onopang'ono, mpaka nsonga ya singano inaonekera yakuthwa. Anatsamira khoma, zigongono pamimba. Misozi inkamutsekera diso, ankapukuta ndi phewa n'kubwereranso.

"Wafanso," anatero Amisiri osadzutsa mutu.

"Khalani chete, bambo, mukugwedezeka."

Kuwala kuja sikunakhalitse. Galimoto ina inaima pakhomo, kenaka dzuwa linapita kuseri kwa nyumba za tsidya la msewu. Koma anali atachipeza. Chinali chakuda, chodzaza mchenga, choti kasitomala wa ukwati akanachibweza. Bambo ake anali momwemo, athunthu.

Amisiri anadula ulusi, naika nsapato pabenchi, natambasula dzanja kuti Kamaso awapatse kamera. Anaibweretsa kamera pafupi ndi nkhope, kuitembenuzira kumbali ya diso, kumanzere, kumanja, kuitalikitsa, kuiyandikitsanso. Kenaka anaibweza.

"Ndikuona kuwala kokha. Tandiuza, muli chiyani?"

Kamaso anakhala pabenchi pambali pawo, phewa ndi phewa.

"Muli inu, mwawerama. Dzanja lamanja lakoka ulusi mpaka apa, ulusiwo wawala ngati waya. Chala chija munadzimenya ndi nyundo chikuoneka, chikhadabo chake chokhota."

"Chimenecho ukanachibisa."

"Sindibisa. Pachipumi pali mizere itatu, yanuyanu, osati ya getsi. Kolala yapindika mbali imodzi. Imvi zafika mpaka m'makutu."

"Imvi? Zinabwera liti?"

"Kalekale, bambo."

Amisiri anadzigwira m'mutu, akusisita pang'onopang'ono. Pamwamba pawo wina ankatsika masitepe akukoka thumba lolemera.

"Nanga pakamwa? Ndakwiya ngati pachiphaso?"

"Ayi. Mukuoneka ngati mukufuna kunena zachipongwe."

Amisiri anaseka pang'ono, kenaka analozetsa nkhope kumene kunali mwana wawo, maso akudutsa pambali pake.

"Iwenso sindinakuone bwino chaka chino," anatero. "Pitiriza. Kumbuyo kwangako kukuoneka chiyani?"

Kamaso anakulitsa ngodya ya chithunzi, nayamba kuwauza za msomali wopachikapo jekete.