Botolo la a Yuki labwerera

Moni nonse. Botolo lomwe ndinasiya dzulo pakhomo la nyumba yopanda munthu ndalipeza pakhomo panga m'mawa uno, lotsukidwa bwino.

Ndi la a Yuki, anansi anga m'nyumba yosanja ya kuno ku Discovery Gardens, omwe anabwerera ku Japan miyezi inayi yapitayo ntchito ya m'ndege itatha. Anandisiyira botololi muli miso, soya wosasitsa wa kwawo. Wotsalayo ndinasakaniza ndi jinja, viniga ndi mafuta a chitowe, kupanga msuzi wa saladi womwe anandiphunzitsa. Paja mbale ya mnansi sibwezedwa yopanda kanthu, ndiye ndinathiramo msuziwo n'kukaliika pakhomo pawo, ndikudziwa kuti mulibe munthu.

M'botolomo muli jinja wodula kumene, akadali wonyowa. Mlonda akuti, "Madamu, m'mwamba monsemo munatsala ndinu nokha."

Abale, ndilidzazenso kapena ndilitaye? Mlondayo atsegula nyumbayo mawa m'mawa.