Atelala ndi Kabokosi Kosinthasintha

Taganizani za mmawa wa tsiku la ntchito, nthawi ili cha m'ma sikisi. M'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteji ya mabasi, mayi wina akupinda mayunifomu a ana asukulu n'kumawalongedza m'chikwama chachikulu. Pabalaza pakhala bambo wamtali, wometa bwino, malaya atapisira. Rimoti ili m'manja, koma nkhope yaloza kuzenera, osati pa tivi. Chala chikudina, pakamwa pakuwerenga: "Pansi kawiri, kumanja katatu, pakati." Posakhalitsa mawu a woulutsa nkhani adzaza m'nyumba monse.

Mayiwo aliyense mumsewu mwathu amangowatchula kuti Atelala. Theka la ana a m'kalasi imene ndimaphunzitsa amavala zosoka zawo. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba kupalasa makina osokera a azakhali awo miyendo isanafike bwino pansi, ndipo mpaka lero akalakwitsa msoko amaumasula wonse, ulusi umodziumodzi, osadandaula. Bambowo ndi amuna awo, Adalaiva, amene anayendetsa basi zaka zoposa makumi awiri mpaka pamene matenda a shuga anawalanda maso. Panopa amangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

Mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kutali, ndi amene anabweretsa kabokosiko. Ndi kakang'ono ngati sopo wosambira, kamalumikizidwa kuseri kwa tivi, ndipo kamatenga mawailesi, nyimbo ndi makanema pa intaneti. Adalaiva anakana kuti wina aziwatsegulira. Analoweza mabatani monga analowezera misewu. Nkhani, makwaya, pulogalamu ya zamagalimoto, chilichonse chinali ndi njira yake, ndipo malo ofikirapowo ankawatcha masiteji. Atelala ankachoka mmawa kupita kushopu n'kubwerako dzuwa litapendeka. Maola onsewo bambowo ankakhala okha, koma sankasowa chochita.

Lachiwiri lina Atelala pobwerako anapeza m'nyumba muli zii. Adalaiva anali pampando pomwe paja, rimoti ili pansi.

"Bwanji abambo, magetsi anathima?"

"Magetsi alipo. Msewu ndi umene wasamuka."

"Wasamuka bwanji?"

"Ndadina mmene ndimadiniramo, kakundiyankha ndi tinyimbo ta ana. Ndayambiranso, kakufuna kundigulitsa mafiriji. Ndayesa kasanu. Mwina ndi mutuwu wayambanso kutha."

Sunali mutu. Atelala atayang'ana anaona kuti zithunzi zonse zasintha malo. Anaimbira mwana wawo, iye n'kuwafotokozera kuti kampani yopanga timabokosito imatumiza pulogalamu yatsopano pa intaneti, imene achinyamata amati apudeti, ndipo kabokosi kamangoilandira kokha osafunsa munthu. Kubwezera zakale sikunali kotheka.

Adalaiva analoweza njira zatsopano m'masiku anayi. Patatha milungu isanu zinasinthanso. Ulendo uno sanafune kuphunziranso. Anasiya kugwira rimoti, kenaka anasiya kumeta, kenaka anayamba kudzuka mochedwa. Atelala akati awatsegulire wailesi asananyamuke, ankangoti, "Pitani kuntchito amayi, ine si khanda." Apa m'pamene mayiwo anaona kuti nkhani si ya kabokosi ayi. Chinali chinthu chimodzi chokha chimene amuna awo ankachiyendetsabe okha, ndipo chinali kuwapulumuka.

Poyamba Atelala anachita zimene ambiri a ife tikanachita. Anamva kuti kamasintha anthu ali mtulo, ndiye anayamba kukazula pasoketi pokagona. Koma kabokosiko kanangodikira. Tsiku lina atangokayatsa mmawa kanayamba kulandira zatsopanozo, kali chete, ndipo Adalaiva poganiza kuti kafa anakazula kali pakati pa ntchito. Kanatha tsiku lonse kakungoonetsa chizindikiro cha kampani, mwamwayi kanadzuka.

Kachiwiri Atelala anakhala nako Lamlungu masana, magalasi ali pamphuno, n'kutsegula tsamba lililonse la m'katimo mpaka anapeza polembedwa zoletsa kulandira zatsopano. Anadina, n'kuuza amuna awo kuti nkhondo yatha. Patatha mwezi kanasinthanso.

"Paja munati yatha," anatero Adalaiva.

"Ndinasoka mkono umodzi, winawo ndinauiwala. Ndipatseni sabata."

Moyang'anizana ndi shopu yawo muli kachipinda ka mmisiri wokonza mafoni ndi ma tivi, bambo wonenepa wokonda kuseka, amene tebulo lake limadzaza ndi timasukuluwu ndi mafoni opanda zivundikiro. Atelala analowa ndi kabokosiko katakulungidwa m'chidutswa cha nsalu.

"Achimwene, kanthu aka kali ndi mwano. Ndikufuna kazimvera."

"Kakudwala chiyani, mayi?"

"Sikakudwala. Kakudzichiritsa kokha matenda amene kalibe."

Mmisiriyo anaseka mpaka anavula magalasi. Atamva nkhani yonse anawafotokozera kuti batani limene anadina lija limangoletsa timapulogalamu ta m'katimo, monga ka wailesi ndi ka makanema. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kabokosi konse ilibe poletsera.

"Ndiye palibe chochita?"

"Chilipo. Kunyumba kwanu kuli kamakina kena kogawa intaneti, kaja ka timagetsi tobiriwira. Timati rauta. Chilichonse cholowa m'kabokosika chimadzera pamenepo, ndiye chipata chake. Tikauza rautayo kuti isamalole ma adiresi amene kampani imatumizira zatsopano, wailesi izilira bwinobwino koma kusintha kutha. Ndibwera Loweruka ndidzakupangireni."

"Ayi, mudzabwere mudzandionetse. Zala zidzakhale zanga."

"Mayi, inu ndi masingano, izi n'zina."

"Inu buluku lanulo linang'ambika pathumba chaka chatha, mpaka lero mukuyenda ndi pini. Aliyense ali ndi pomwe sadziwa. Mudzabwere."

Loweruka anabweradi. Anakhala pampando manja ali m'thumba, monga anagwirizanirana, Atelala akulowa mu rautayo kudzera pafoni yawo. Ma adiresi anali atatu, aataliatali. Analakwitsa kawiri, kadontho kamodzi kataiwalika, n'kufufuta zonse kuyambiranso. Sitepe iliyonse ankailemba kumapeto kwa buku lawo la miyezo, pansi pa chiuno ndi mapewa a kasitomala wina. Atamaliza, mmisiriyo anawauza kuti alamule kabokosiko kafufuze zatsopano. Kanazungulirazungulira, kenaka kanalemba kuti kalephera.

"Kalephera!" anafuula Atelala. "Abambo, mwamva? Kalephera!"

"Koyamba kumva munthu akusangalala ndi kulephera," anayankha Adalaiva ali kuchipinda.

Koma mmisiriyo anali ndi mawu ena, ndipo anawanena mosaseka. Zatsopanozo si zokongoletsa zokha. Zina zimatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera, ndipo kabokosi kakakhalitsa osalandira kanthu, tsiku lina wailesiyo idzakana kutseguka. "Chipata chotsekeratu mpaka kalekale si chabwino, mayi. Muzitsegula nthawi zina."

Atelala anaganiza pang'ono. "Vuto si kusintha ayi. Vuto ndi kusintha ine kulibe, iwo ali okha. Ndizitsegula ndekha, tsiku limene ndasankha."

Ndi mmene akuchitira mpaka pano. Pakatha miyezi inayi amasankha Loweruka lopanda ntchito yambiri, n'kuwauziratu amuna awo kutatsala sabata. Amachotsa ma adiresi aja, kabokosi kamalandira zake zonse, kenaka amawabwezera ndi kuyesa ngati chipata chatsekekadi, chifukwa ulendo wina kampaniyo inawonjezera adiresi yachinayi. Zikatero amatenga kansalu kakuda kotsala posoka masiketi, amadzimanga m'maso, n'kukhala pampando wa amuna awo rimoti ili m'manja. Ulendo woyamba anaphunzitsa akuyang'ana, ndipo ankangoti "dinani apo, pafupi ndi chofiiracho," mawu opanda ntchito kwa munthu wosaona. Tsopano njira iliyonse amayamba aiyenda okha mumdima, kuchokera pa batani lobwerera poyambira, mpaka aipeze katatu osaphonya. Ndiye amawaitana amuna awo.

Ndinawapeza tsiku lina ali pa phunziro lotere, nditapita kukatenga mayunifomu a ana awiri. Ndinaima pakhomo osafuna kusokoneza.

"Nkhani tsopano ndi pansi kamodzi, kumanja kanayi."

"Kanayi? Awonjezera siteji?"

"Aikapo zamalonda pakati. Musaime, palibe wokwera."

"Kondakitala wake ndinu, ndingatani."

Adalaiva anaphonya kamodzi, n'kutukwana kampaniyo pang'ono, kachiwiri anafika. Pa zaka zanga zonse zophunzitsa sindinaone mphunzitsi wokonzekera phunziro mofika pamenepo. Ndinaonanso kuti rimotiyo anaisokera kathumba kothina, ndipo pa batani lobwerera poyambira anasokererapo kamkanda kuti chala chizikapeza msanga.

Adalaiva anayambiranso kumeta sabata yomwe ija chipata chinatsekedwa. Anzawo a ku bungwe la anthu osaona atamva, anayamba kutumiza akazi awo ndi ana awo kushopu, ena atanyamula rauta m'jumbo. Atelala samukana munthu, koma lamulo lawo ndi lomwe lija: zala zikhale za mwini wake, iwo amangoloza ndi kudikira. Mmisiri uja amati amulanda ntchito, koma ndi iye amene amawapezera ma adiresi a timabokosi ta mitundu ina.

Papita zaka zitatu tsopano. Kabokosi ka m'nyumbamo kasintha kasanu ndi kanayi, ulendo uliwonse pa tsiku limene Atelala anasankha, ndipo nyumba zina khumi ndi imodzi zikutsata njira yomweyo.