Ezelina Mphepo ndi Thumba la Katondo

M'chaka cha 2009, amayi makumi awiri ndi atatu a kwaya ya mpingo wina wa kufupi ndi Chamama anakwera sitima ya Ilala pa Nkhotakota, ulendo wokaimba ku Nkhata Bay. Amene anafika ku Nkhata Bay anali makumi awiri ndi awiri. Woperewera pa chiwerengerocho anali Ezelina Mphepo, ndipo mbiri ino ndi yake.

Ezelina anabadwa mu 1971 m'mudzi wa makolo ake, kum'mawa kwa Chamama. Mu 1995 anakwatiwa ndi Simeon, mwamuna wa pa chilumba cha Chizumulu, amene anasiya maukonde kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale. Atakwatira, Simeon analeka utenanti nakhala chikamwini, kulima munda wa mkazi wake. Anthu ankamuseka kuti amagwira khasu ngati nkhafi, koma fodya wake ankasoka bwino kuposa obadwira m'chigafa. Anabereka ana atatu, ndipo chifukwa cha mwana woyamba, Ezelina ankatchedwa amake Yankho.

Simeon anamwalira ndi malungo pa 14 Febuluwale 2007, fodya ali pakati pothyoledwa. Uthenga unapita kwawo pa foni tsiku lomwelo. Koma sitima inkadutsa pa chilumbapo kamodzi pa sabata kulowera kuno, ndipo thupi silikanatha kudikira m'nyumba ya udzu nthawi ya dzinja. Anamuika m'manda a kuchikazi abale ake asanafike. Abalewo zinawapweteka, ndipo yankho lawo linali lalifupi: amene mwaika nokha, metaninso nokha. Palibe anabwera.

Kwathu kuno mkazi wamasiye sadzimasula yekha. Amavala nsalu yakuda ndi mpango wakuda kufikira abale a mwamuna atadzamusudzula, ndiko kuti kumuvula mpangowo pamaso pa mboni, kumupatsa kanthu m'manja, ndi kunena poyera kuti ukwati watha. Zimenezi zikapanda kuchitika, mkaziyo akadali wa malemu. Ena amamasulidwa pakatha miyezi ingapo, ena chaka. Ezelina anavala zakuda mu 2007, mu 2008 yense, mpaka Okutobala wa 2009.

Zinali zaka za makuponi. Chimanga chinadzaza m'nkhokwe, maukwati anachuluka, amayi anzake anagula zitenje zatsopano ku Kasungu Boma. Iye ankaima pa mzere wa feteleza wotsika mtengo ali bii kuyambira kumutu, ndipo achinyamata a pamzerepo anamutcha Nakhwangwala. Ku kwaya anamuika mzere wa kumbuyo, chifukwa nsalu yake inkasokoneza yunifolomu.

Atamva kuti sitima ya ulendo wa kwaya idzaima pa Chizumulu, anapita kwa malume ake, a Zakeyo, amene anali nkhoswe ya ukwati wake.

“Amalume, ndikupita ndekha kukawauza andisudzule.”

“Wamva kuti? Mkazi kukapempha kusudzulidwa ngati akupempha mchere? Iwo ndiwo abwere kuno. Dikira.”

“Ndadikira mpaka nsaluyi yasanduka yotuwa. Yachitatu iyi.”

“Kapena pali wina wayamba kukunong'oneza kuseri kwa chigafa?”

“Palibe, amalume. Ndikungofuna kuti akadzapezeka woteroyo, ndidzamukane ine mwini, osati nsalu izindikanira.”

A Zakeyo anamukumbutsa za nazale. Unali mwezi umene mbande za fodya zimafuna keni yothirira m'mawa ndi masana, ndipo mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti nazale ikagona ndi ludzu masiku awiri, chaka chapita. Ananena mosabisa kuti iwo sadzathirira mabedi a munthu wosamva. Ezelina anakapempha mnansi wake, amene analonjeza kuthirira kufikira Lolemba lokha, chifukwa nayenso anali ndi yake.

Tsiku loti mawa anyamuka, anatenga khasu ndi thumba lopanda kanthu la feteleza wa sabuside, nalowa kumanda dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Anatapa katondo pamwamba pa manda a Simeon, wokwana ndowa yaing'ono, namanga pakamwa pa thumbalo ndi luzi. Amayi ena anagwira pakamwa. Iye anadutsa pakati pawo thumba lili pamutu, nawapatsa moni aliyense ndi dzina lake.

Loweruka pa 17 Okutobala, masana, sitima inaponya nangula patali pang'ono ndi gombe la Chizumulu. Pa chilumbapo panalibe pokocheza sitima yaikulu, choncho anthu ndi katundu ankatsikira m'maboti. Wantchito wina wa m'sitimamo ankayenda akuchenjeza kuti hutala ikalira kachiwiri, boti lomaliza likunyamuka pagombe. Mayi Agnesi, mtsogoleri wa kwaya, anamupeza Ezelina ali kale pamakwerero.

“Amake Yankho, mukupita kuti? Abusa anandipatsa anthu makumi awiri ndi atatu, ndikabweze omwewo.”

“Kwa apongozi anga, mayi. Ndi apa.”

“Simutsika. Ndanena ine.”

“Mwanena, ndamva. Mungondigwirira malo, akayamba kuliza muwauze kuti wina watsikako pang'ono.”

Apa m'pamene Ezelina analakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake n'kwa ife tonse a kumtunda. M'mutu mwake sitima inali minibasi ya pa depoti ya Kasungu, imene imaliza hutala, kusuntha pang'ono, kubwereranso, kondakitala n'kuthamanga kukakutenga kumene ukugula nthochi. Sanakhulupirire kuti chinthu chingachoke munthu wolipira ali pansi.

M'boti analowa chilili, thumba lili pamutu, miyendo atatangadza ngati ali m'ngolo. Woyendetsa botilo anakuwa: “Mayi a maliro inu, khalani pansi! Mukufuna tikulireni ndi inu omwe?” Anthu anaseka. Anakhala, nafungatira thumbalo pamiyendo, maso ali pa mapazi ake mpaka boti linagunda mchenga.

Kufunsa kunali kosavuta, pakuti pa chilumba aliyense amadziwa mnzake. Anamulozera kanjira kokwera pakati pa miyala ndi minda ya chinangwa, kufika pa nyumba ina pansi pa mlambe. Pamenepo anapeza a Fainala, mlongo wamkulu wa Simeon, akutembenuza usipa pa thandala, ndi Alick, mng'ono wa malemuyo, akusoka ukonde. Onse anali asanamuonepo. Ezelina anagwada, natula thumba.

“Ndine Ezelina wa ku Kasungu, mkazi wa a Simeon. Ndabwera kuti mundisudzule.”

A Fainala sanaleke kutembenuza usipa. Alick ndiye anayankha, ulusi uli kukamwa.

“Ndinu alamu aja oika maliro mothamanga? Lero mwathamanganso?”

“Tinadikira usiku umodzi ndi usana, alamu. Mvula ikugwa, nyumba ya udzu. Mukanafuna tichite bwanji?”

“Mukanachita zimene munachitazo. Ndiye mwatifuniranji? Ife manda ake sitinawaone. Timasula bwanji munthu pa maliro amene sitinalire? Kwa ife achimwene akadali ku fodya.”

Hutala inalira koyamba. Ezelina sanatembenuke n'komwe.

“Nkhani yotere imafuna akuluakulu,” anapitiriza Alick. “Amalume athu ali ku Likoma. Pitani, mudzabwere chaka chamawa ndi ankhoswe anu. Fulumirani, boti likupita.”

“Andidikira. Anzanga andigwirira malo.”

Alick analavula ulusi uja, naseka mpaka kugwira m'mimba. “Akugwirirani malo! Achemwali, mwamva? Alamu, mukuyesa minibasi? Iyo siidikira munthu, ngakhale atavala kolala ya ubusa. Ikapita, mudzaionanso Lachiwiri, ikamabwerera.”

Pamenepo Ezelina anayang'ana kunyanja. Anaona anthu akuthamangira boti, ena madzi ali m'chiuno, katundu ali pamutu, ndipo anazindikira kuti mlamu wakeyo sakunama. Lachiwiri pa chilumba ndiye kuti Lachitatu kumudzi, ndipo mnansi uja analonjeza kufikira Lolemba. Akanathamanga nthawi yomweyo, boti akanalipeza. Anadzuka, nakonza nsalu yake. Alick anatolanso ukonde wake, poganiza kuti nkhani yatha. Koma Ezelina anangosuntha kuchoka padzuwa, nakakhala pa khonde la a Fainala, natambalala.

Hutala inalira kachiwiri.

“Alamu, ikupitatu!”

“Ipite. Ndakwera ndi nsalu iyi, sindikweranso nayo. Mukafuna chaka chamawa, ndikhala pakhonde pano mpaka chaka chamawacho. Ndine mkazi wa kwanu, si mwatero? Ndiye mundidyetse.”

Anakhala pomwepo akuyang'ana boti likufika pa sitima, anthu akukwera, nangula akukwezedwa. Mayi Agnesi anandiuza pambuyo pake kuti amayi onse anaima m'mbali mwa sitima akukuwa dzina lake ndi kukupiza zitenje, ndipo kuti wantchito uja anangowayang'ana n'kupitiriza kukulunga chingwe.

Sitima itazimirira kuseri kwa phiri, a Fainala anasiya usipa, napukuta manja, nalankhula koyamba.

“Muli chiyani m'thumbamo? Ngati ndi ufa wodzatinyengerera, bwererani nawo.”

“Masulani muone. Mwati manda simunawaone. Ndakubweretserani.”

A Fainala anamasula luzi, napisa dzanja. Linatuluka lofiira. Pa chilumbapo dothi ndi la mchenga ndi miyala, ndipo katondo wotere anali asanamugwirepo. Anafunsa ngati dothilo linali la pamwamba pa manda penipeni. Ezelina anati la kumutu, ndipo anatapa yekha, masana, anthu akuona. A Fainala anakhala pansi, thumba lili pakati pa miyendo, nayamba kulira maliro mokweza, kutchula mlongo wawo ndi dzina la paubwana. Amayi a nyumba zoyandikana anabwera mmodzimmodzi nakhala nawo. Ezelina analira nawo limodzi, ndipo pakati pa kulirako anawafotokozera m'mene Simeon anadwalira, zimene ananena, ndi nyimbo imene anamuimbira popita kumanda.

Lamulungu, mapemphero atatha, dothi lija analikwirira pambali pa manda a mayi ake a Simeon. Pobwera kumandako Alick anayambanso za amalume a ku Likoma. A Fainala anamudula.

“Amene anamubereka kumbuyo Simeon ndi amalumewo? Ndinamulera ndine. Munthu wataya sitima pamaso pako, ukufuna atayenso chiyani?”

Anaitana amayi awiri ndi mkulu wa mpingo wa pamenepo kuti akhale mboni. Anamuvula Ezelina mpango wakuda, namumeta pang'ono patsogolo, namuveka chitenje chawo cha maluwa achikasu, namuika m'manja lichero la usipa. Ananena kuti ukwati wa Simeon ndi Ezelina watha bwino, popanda mlandu, ndipo kuti ana atatu aja kwawo n'konkuno tsiku lililonse akafuna. Alick anaima patali, koma pamapeto pake ndi iye amene ananyamula usipawo kukafika nawo kugombe Lachiwiri. Ezelina akulowa m'boti, Alick anamuuza kuti, “Alamu, muzikhala pansi.” Ezelina anati waphunzira.

Anafika kumudzi Lachitatu pa 21 Okutobala. Sanalowe m'nyumba. Anapita molunjika kudimba, chitenje chachikasu chili m'chiuno, napeza kuti pa mabedi asanu ndi limodzi a nazale, anayi anali atapsa. A Zakeyo anamupeza komweko akuthirira awiri otsalawo. Anayang'ana mabedi, nayang'ana chitenje.

“Fodya wa chaka chino wapita,” anatero.

“Wapita, amalume.”

“Anakusudzula ndani?”

“Mlongo wake, pamaso pa mboni zitatu. Mukafuna maina ndikupatsani.”

A Zakeyo sanafunse mainawo. Anatola keni yachiwiri napita kukatunga madzi.

Chaka chimenecho Ezelina anawokera fodya pa kachigawo kochepa, ndipo munda wotsalawo anadzala mtedza. Kuyambira Khirisimasi ya 2009 ankaimba pa mzere wa kutsogolo. Mu 2010 ndi mu 2012 anafunsiridwa ndi amuna awiri, mmodzi wa ku Chamama, wina wa ku Kasungu Boma, ndipo onse anawakana. Sanakwatiwenso. Yankho anakaona manda a agogo ake pa Chizumulu mu 2014.